Kodi 1447 ikuwerengedwa kuchokera pati? Funso la Shakira lomwe linatichezetsa usiku pagulu

Nachisale: Moni nonse. Pepani ndabwera ndi funso la mwana. Ambiri mukudziwa kuti ine ndine wa CCAP koma bambo akunyumba ndi Msilamu, ndiye Shakira akaweruka kusukulu amapita ku madrasa. Lero wabwera ndi kalendala ya kumzikiti yolembedwa 1447. Watenga pensulo, pa 2025 wachotsa 570 poti anawauza kuti Mtumiki Muhammad anabadwa mu 570, wapeza 1455. Akuti "amayi, ashehe samu yawavuta." Bambo ake ali kunyanja, foni sikugwira. Ndimuyankhe chiyani?

Aphiri wa ku Joni: Mwanayo mumusamale, adzasunga ndalama za banja lonse. Ife pa msinkhu umenewo samu yathu inkathera pa mtengo wa zitumbuwa.

Ustazi Twaibu: Assalam alaykum nonse. Alamu, samuyo mwana wakhoza, kungoti wayambira polakwika. Kalendala yathu siyambira pa kubadwa kwa Mtumiki (s.a.w, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye). Imayambira pa Hijra, Msamuko, mu 622, pamene anachoka ku Makka kupita ku Yathrib, mzinda umene lero timati Madina.

Nachisale: Zikomo a Ustazi, ndamuuza. Koma wabweranso ndi pensulo yomwe ija. Akuti 2025 kuchotsa 622 ndi 1403. Nanga zaka 44 zalowera kuti?

Halima M.: Anti, mwana wanuyo ndamukonda. Muuzeni kuti chaka cha Chisilamu chimatsata mwezi wakumwamba, ndiye chimakhala ndi masiku 354 kapena 355, kuperewera pafupifupi masiku 11 pa chaka cha dzuwa. Zaka 32 za dzuwa zimafanana pafupifupi ndi zaka 33 za mwezi. Agawe 1403 ndi 32, zaka zake 44 azipeza pomwepo.

Che Amidu: N'chifukwa chake Ramadan imayendayenda. Ine ndasalapo m'dzuwa la October kukhosi kuli gwa, ndasalanso mu June tikudya dakwi, chakudya cha m'bandakucha, titafunda mabulangete. Ana amaona ngati ashehe amangosankha mwezi umene awukonda.

Bambo Kachingwe: Ndilowerereko, ngakhale ndine Mkatolika. Ndinaphunzitsa mbiri ku sekondale zaka zambiri ndipo funso ili ophunzira ankandifunsa. Ife timawerengera kuyambira pa kubadwa kwa Yesu. Inu munasiya kubadwa, munasiya tsiku la chivumbulutso choyamba, munasiya tsiku logonjetsa Makka, n'kusankha chaka chimene munthu anatuluka kwawo usiku akusakidwa. Zimandidabwitsa mpaka lero.

Ustazi Twaibu: Aphunzitsi, sanasankhe ndi Mtumiki mwiniwake. Zinachitika mu ulamuliro wa Umar, mtsogoleri wachiwiri wa Asilamu Mtumiki atamwalira, patapita zaka pafupifupi 17 kuchokera pa Msamuko. Dziko linali litakula, makalata akuyenda pakati pa Madina ndi mabwanamkubwa, koma kalata imangolembedwa mwezi popanda chaka. Munthu akalandira kalata ya ngongole yoti ibwezedwe mu Sha'ban, ankafunsa kuti Sha'ban yake iti, yathayi kapena ikubwerayi? Maswahaba, anzake a Mtumiki, anakhala pansi. Ena anatchula kubadwa, ena imfa yake, koma imfa anati izingotikumbutsa maliro. Anagwirizana pa Msamuko poti ndi pamene Asilamu anasiya kukhala kagulu kobisala m'nyumba za anthu n'kukhala mudzi wokhala ndi mzikiti wake, msika wake ndi malamulo ake.

Nachisale: Ndiye kusamuka kwake kunali kuthawa? Ankathawa ndani, kwawo komwe? Pepani mafunso ambiri, zaka 13 m'banja koma izi sindinazimvepo bwinobwino. Apongozi ndimachita nawo manyazi kufunsa.

Che Amidu: Funsani mayi, wofunsa sasochera. Tiyambe ndi umwana wake chifukwa zonse zagona pamenepo. Bambo ake Abdullah anamwalira iye ali m'mimba. Mayi ake Amina anamwalira iye ali ndi zaka 6, panjira, pamalo otchedwa Abwa, akuchokera ku Yathrib kukaona abale. Amene anabwerera naye mwanayo ku Makka ndi mdzakazi wa m'nyumbamo, Baraka, amene timamudziwa kuti Umm Ayman, mkazi wa ku Habasha, munthu wakuda ngati ife. Agogo ake Abdul Muttalib anamutenga, patatha zaka ziwiri nawonso anatsikira kuli chete. Ndiye anakulira kwa Abu Talib, mchimwene wa bambo ake, munthu waulemu wake koma wa ana ambiri ndi chuma chochepa. Mwana uja anakula akuweta mbuzi ndi nkhosa za anthu kuti apeze kangachepe. Mukamva Qur'an ikubwereza nkhani ya ana amasiye, dziwani kuti wolandira mawuwo umasiye anaulawa katatu.

Halima M.: Ndiwonjezere za mayi Khadija, chifukwa azibambo mukamafotokoza mumathamangira ku nkhondo. Khadija anali mkazi wamasiye wochita malonda, ankatumiza katundu ku Sham, dera la Syria. Anamva mbiri ya mnyamata amene anthu ankamutcha Al-Amin, wokhulupirika, n'kumulemba ntchito. Atabwera ku ulendo ndi phindu looneka, ndi mayiyo amene anatumiza mawu a ukwati. Iye anali ndi zaka 25, mayiyo mabuku ambiri amati 40. Anakhala limodzi zaka pafupifupi 25 ndipo nthawi yonseyo sanakwatire mkazi wina.

Aphiri wa ku Joni: Ndiye kuti bwana anafunsira wantchito? Achemwali a kuno ku Joni amve zimenezi.

Halima M.: A Phiri, inu choyamba anthu ayambe akutchani Al-Amin.

Aphiri wa ku Joni: Ndagonja.

Ustazi Twaibu: Dzina limenelo linayesedwa ali ndi zaka 35. Akuraishi, fuko la Mtumiki lolamulira Makka, ankamanganso Ka'ba, nyumba yopatulika ya mumzindamo, itawonongeka ndi madzi osefukira. Pofika poika Mwala Wakuda, banja lililonse linkafuna ulemuwo, mpaka malupanga anatsala pang'ono kusololedwa. Anagwirizana kuti woyamba kulowa pachipata aweruze. Analowa iye. Anayala nsalu pansi, anaika mwala pakati, n'kuuza mtsogoleri wa banja lililonse kuti agwire m'mphepete. Onse ananyamula limodzi, iye n'kungoukankhira m'malo mwake. Anthu omwewo patangotha zaka zochepa ndi amene ankamutcha wamisala.

Nachisale: Chinasintha n'chiyani?

Ustazi Twaibu: Phanga la Hira, mu 610, mwezi wa Ramadan, ali ndi zaka 40. Ankakonda kukakhala yekha kumeneko. Mngelo Jibril anamudzera n'kumuuza kuti "Iqra," werenga. Anayankha kuti sadziwa kuwerenga. Anamufinya katatu, kenako panatsika ndime zisanu zoyamba za Surah Al-Alaq. Chimene ndimakonda kuwauza ana ku madrasa n'choti sanatsike phiri akuimba nyimbo yachipambano. Anafika kunyumba akunjenjemera, akuti ndifunditseni, ndifunditseni. Khadija ndi amene anamulimbitsa mtima pomukumbutsa kuti munthu wosamala abale, wothandiza osowa, wolandira alendo, Mulungu sangamuchititse manyazi. Kenako anapita naye kwa msuweni wake Waraqa ibn Nawfal, nkhalamba ya Chikhristu yodziwa malemba. Waraqa anati uyu ndi mngelo yemwe uja anadzera Musa, ndipo anthu akwanu adzakutulutsa mumzinda uno. Mtumiki anadabwa: adzanditulutsa ine?

Bambo Kachingwe: Pa funso la mayi Nachisale, chimene chinawawa akuluakulu a Makka tisachione ngati mkangano wa mapemphero okha. Makka ndi chigwa chouma, kulibe ulimi. Ankadya malonda ndi alendo obwera ku Ka'ba, kumene mabuku amati kunali mafano 360, fuko lililonse ndi lake. Munthu akaimirira n'kunena kuti Mulungu ndi mmodzi ndipo mafanowa ndi miyala chabe, wagwira mphika wa nsima wa mzinda wonse. Komanso ankanena kuti makolo awo anasochera, kuti wolemera adzayankha za mwana wamasiye amene anamudyera chuma, kuti mwana wamkazi wokwiriridwa wamoyo adzafunsidwa tchimo limene anaphedwera. Olemera amene angakhale chete pamenepo ndi ati?

Che Amidu: Ndipo iye mwini sankamukhudza kwambiri poopa Abu Talib ndi banja lawo la Hashim. Mkwiyo unkagwera opanda abale. Bilal anali kapolo wa Umayya ibn Khalaf. Ankamugoneka chagada pamchenga dzuwa lili paliwombo, chimwala pachifuwa, akuti kana Muhammad. Iye amangoti "Ahad, Ahad," Mmodzi, Mmodzi. Abu Bakr, bwenzi la Mtumiki, anamugula n'kumumasula. Sumayya, mayi wa Ammar, analibe womuwombola. Abu Jahl, mmodzi wa akuluakulu a Akuraishi, anamubaya ndi mkondo. Munthu woyamba kufera Chisilamu anali mzimayi wosauka.

Halima M.: Apa ndi pamene pali nkhani imene Shakira ayenera kuimva, anti. Msamuko wa 622 sunali woyamba. Woyamba unali wa 615, ndipo unali wobwera ku Africa. Mtumiki anauza otsatira ake ofooka kuti awoloke Nyanja Yofiira apite ku Habasha, ufumu wa Aksum, kumene lero kuli Ethiopia ndi Eritrea, chifukwa kumeneko kuli mfumu imene pamaso pake munthu saponderezedwa. Mfumuyo inali ya Chikhristu, Najashi. Gulu loyamba linali la anthu osakwana 20, mwa iwo Uthman ndi mkazi wake Ruqayya, mwana wa Mtumiki weniweni. Gulu lachiwiri amuna okha anapitirira 80.

Nachisale: Anatumiza mwana wake kwa Akhristu? Izi apongozi anga sanandiuzepo.

Ustazi Twaibu: Eya alamu, ndipo nkhani yake ndi yokoma. Akuraishi anatumiza Amr ibn al-As, katswiri wa pakamwa, atanyamula mphatso za zikopa zofufuta zimene a ku Habasha ankazikonda. Anayamba wagawira nduna za mfumu mwamseri kuti mawa pabwalo zidzavomereze zoti anthu aja abwezedwe osawafunsa kanthu. Ziphuphu sizinayambe lero. Koma Najashi anakana kupereka anthu amene sanawamve. Anawaitana. Anayankhulira gulu ndi Ja'far, mwana wa Abu Talib. Anafotokoza mmene ankakhalira kale, kupembedza mafano, wamphamvu kudya wofooka, ndi zimene Mtumiki anawaphunzitsa: kunena zoona, kubweza chosungitsidwa, kusadya chuma cha amasiye. Mfumu inati uli nawo mawu amene munthu wanuyo wabwera nawo? Ja'far anawerenga chiyambi cha Surah Maryam, nkhani ya Zakariya ndi Yahya, ndi ya Maryam kubereka Isa. Amati mfumu inalira mpaka ndevu kunyowa.

Amr sanagonje. Mawa lake anabweranso, akuti afunseni zimene amanena za Yesu. Apa ndiye panali poterera, chifukwa yankho likanatha kuwathamangitsa. Usikuwo anakambirana n'kugwirizana kuti anene zimene amakhulupirira, zivute zitani. Ja'far anati Isa ndi kapolo wa Mulungu, Mtumiki wake, mzimu wochokera kwa Iye ndi liwu lake limene analiika mwa namwali Maryam. Najashi anatola kamtengo pansi n'kunena kuti kusiyana kwake sikuposa kamtengo aka. Mphatso za Amr anazibweza. Ja'far anakhala kumeneko mpaka 628. Najashi atamwalira, Mtumiki anaimika anthu m'mizere ku Madina n'kumuswalira swala ya maliro mtembo uli kutsidya kwa nyanja.

Bambo Kachingwe: Ku Tigray kuli mudzi wotchedwa Negash, kuli mzikiti wokumbukira anthu amenewa. Unawonongeka pa nkhondo ya mu 2020. Ndinkawauza ophunzira anga kuti Chisilamu chinaponda Africa chisanaponde Madina, koma kuti chifike kunyanja kwathu kuno chinatenga zaka zoposa 1,200, mpaka Jumbe ku Nkhotakota cha m'ma 1840 ndi mafumu a Chiyao monga Makanjira cha m'ma 1870.

Aphiri wa ku Joni: Ife amene timagona pa Beitbridge tikudziwa kuti mfumu yofunsa kaye isanakubweze ndi yosowa.

Che Amidu: Otsala ku Makka anaona zakuda. Akuraishi analemba chikalata chonyanyala banja lonse la Hashim, Asilamu ndi osakhala Asilamu omwe: osawagulitsa kanthu, osagula kwa iwo, osakwatirana nawo. Anachipachika mkati mwa Ka'ba. Banja lija linapanikizika m'kachigwa ka Abu Talib pafupifupi zaka zitatu, mpaka kudya masamba a mitengo, kulira kwa ana kumamveka kunja. Ena mwa Akuraishi omwewo chikumbumtima chinawapweteka n'kuyamba kutsutsa. Pokachitsitsa chikalata chija anapeza chiswe chadya chonse kupatula pamene panalembedwa dzina la Mulungu.

Aphiri wa ku Joni: Chiswe chimenecho ndi chachibale ndi chomwe chinadya satifiketi yanga ya JC m'sutikesi kumudzi. Changa sichinasiye ngakhale dzina.

Che Amidu: Inu a Phiri tikukamba zachisoni. Atangotuluka m'chigwamo, mu 619, Abu Talib anamwalira, Khadija nayenso. Chimatchedwa Chaka cha Chisoni. Utsogoleri wa banja unapita kwa Abu Lahab, mdani wake. Anayesa ku Ta'if, anamuthamangitsa ndi miyala mpaka nsapato kudzaza magazi. Amene anamupatsa mphesa atakhala pansi m'munda anali Addas, kapolo wa Chikhristu wochokera ku Nineve.

Nachisale: Ndiye a ku Madina anamudziwa bwanji?

Ustazi Twaibu: Pa nyengo ya Hajj ankayenda m'misasa ya alendo. Ku Yathrib kunali mafuko awiri, Aws ndi Khazraj, otopa ndi kuphana. Nkhondo yawo ya Bu'ath inali itangopha kumene akuluakulu ambiri. Ankafuna munthu wapadera woti onse amumvere, komanso pokhala ndi Ayuda moyandikana nkhani za aneneri sizinali zachilendo kwa iwo. Mu 621 amuna 12 analonjeza pa Aqaba. Anawapatsa mphunzitsi, Mus'ab ibn Umayr. Chaka chotsatira anabwera amuna 73 ndi akazi awiri, usiku, n'kulonjeza kumuteteza monga amatetezera ana awo. Asilamu anayamba kuchoka ku Makka pang'onopang'ono, kusiya nyumba ndi katundu. Iye anatsalira kumapeto.

Halima M.: Usiku wochokawo ndiufotokoze ine. Akuraishi anapangana kuti banja lililonse lipereke mnyamata mmodzi, onse abaye nthawi imodzi, kuti a Hashim asowe womuimba mlandu. Ali, mwana wa Abu Talib, anagona pamphasa ya Mtumiki atafunda chofunda chake. Ndipo Ali anatsala pa chifukwa chinanso: anthu a ku Makka, omwe ankamutsutsawo, anali akusungitsabe katundu wawo kwa Al-Amin, ndiye panafunika womabweza. Mtumiki ndi Abu Bakr sanalowere kumpoto kumene kuli Madina. Analowera kumwera, ku phanga la Thawr, n'kubisala mausiku atatu. Mwana wa Abu Bakr, Abdullah, ankamvetsera nkhani mumzinda masana n'kukawauza usiku. Mbusa Amir ibn Fuhayra ankadutsitsa nkhosa pamwamba pa mapazi kuti asaoneke. Asma, mwana wamkazi wa Abu Bakr, posowa chingwe chomangira kamba anang'amba pakati nsalu yake ya m'chiuno, mpaka dzina linamukhala, mwini malamba awiri. Wolondolera njira, Abdullah ibn Urayqit, sanali Msilamu n'komwe, anangomulemba ganyu poti ankadziwa njira za m'mphepete mwa nyanja. Pamutu pawo panali mphoto ya ngamira 100. Mtunda wake ndi woposa makilomita 400, tingoti Blantyre kukafika Kasungu, pangamira, m'chipululu.

Che Amidu: Mwasiya kangaude mwanawe. Kangaude anatchinga pakhomo la phanga, nkhunda n'kuikira mazira.

Halima M.: Sindinaiwale Che Amidu. Akatswiri ena a hadith, zonena ndi zochita za Mtumiki, nkhani imeneyo amaikayikira, makamaka ya nkhundayo. Chimene chili mu Qur'an, Surah At-Tawbah ndime 40, ndi awiri ali m'phanga, mmodzi akuuza mnzake kuti usadandaule, Allah ali nafe.

Che Amidu: Ife tinakula nayo nkhani ya kangaude, mpaka amayi ankatiletsa kupha kangaude m'nyumba. Ana a masiku ano chilichonse mpaka muone pa foni.

Ustazi Twaibu: Tisakangane pa kangaude. Mtumiki atafika ku Madina, aliyense ankakoka chingwe cha ngamira yake, Qaswa, kuti akagone kwake. Iye anati isiyeni. Inagwada pabwalo loyanikira tende la ana awiri amasiye, Sahl ndi Suhayl. Ankafuna kumupatsa ulere, anakana, malowo anagulidwa. Mzikiti wake unali wa zidina, mizati ya mitengo ya tende, denga la makhwatha, mvula ikagwa anthu amagwetsa nkhope m'matope. Kenako anapalanitsa ubale, wosamuka mmodzi ndi mwini mudzi mmodzi. Sa'd ibn al-Rabi anauza Abdurrahman ibn Awf kuti tigawane chuma changa pakati. Abdurrahman anathokoza n'kunena kuti ingondilozerani kumsika. Anayamba ndi kugulitsa mafuta a mkaka, anadzakhala mmodzi wa olemera kwambiri ku Madina.

Aphiri wa ku Joni: Chabwino, zonsezi n'zokoma. Koma ndifunse chimene anthu amanong'ona, musandichotse pagulu. Munthu wozunzidwa uja atafika ku Madina anatenga lupanga. Nanga zija za Ayuda amene anaphedwa? Kuntchito kwathu kuli mzungu amakonda kundifunsa zimenezo akamva kuti alamu anga ndi Asilamu, ine ndimangoti kukamwa yasa.

Yusufu (admin): Funso lililonse ndi lololedwa bola ulemu. Yankhani a Ustazi.

Ustazi Twaibu: Sitibisa. Zaka 13 za ku Makka sanaloledwe kubwezera. Ku Madina chilolezo chinabwera, ndipo n'zoona kuti Asilamu ndi amene anayamba kutchingira magulu a malonda a Akuraishi, poti nawonso chuma chawo chinali chitalandidwa ku Makka. Pa nkhondo ya Badr mu 624, Asilamu 313 kulimbana ndi pafupifupi 1,000, anapambana. Uhud mu 625 anapwetekeka chifukwa ambiri mwa oponya mivi 50 amene anaikidwa paphiri anasiya phirilo kuthamangira zofunkha, Hamza, mchimwene wa bambo ake a Mtumiki, anaphedwa, Mtumiki anavulala kumaso. Mu 627 kunabwera gulu la 10,000 kuzinga Madina, Salman wa ku Persia n'kupereka nzeru yokumba ngalande. Mkati mwa kuzingidwako, Banu Qurayza, fuko la Chiyuda limene linali m'pangano la mzinda, anakambirana ndi adani, kumbuyo kumene kunali akazi ndi ana. Adani atabalalika, Asilamu anawazinga. Mlandu unaperekedwa kwa Sa'd ibn Mu'adh wa fuko la Aws, amene kale anali ogwirizana nawo. Anagamula kuti amuna aphedwe, akazi ndi ana atengedwe ukapolo. Mabuku amatchula pakati pa 400 ndi 900.

Bambo Kachingwe: Ndikuyamikeni a Ustazi posazungulira. Ine monga wa mbiri ndinganene kuti umu ndi mmene nkhondo za nthawi imeneyo zinkathera, ngakhale m'Chipangano Chakale chathu, pa Deuteronomo 20, muli lamulo lofanana nalo. Koma kunena choncho sikuchotsa kulemera kwake. Mwa mazana amenewo si onse amene anakhala nawo pa upo. Ine nkhaniyi imandilemerabe.

Halima M.: Inenso aphunzitsi, ndine Msilamu koma ndikaiwerenga ndimakhala kaye chete. Chimene ndimakana ndi munthu kutola tsamba limeneli lokha n'kusiya la 630. Analowa mu Makka ndi anthu 10,000, mzinda umene unamuthamangitsa uli m'manja mwake, n'kukhululukira pafupifupi onse, ngakhale Hind amene anazunza mtembo wa Hamza. Ndipo amene anakwera pamwamba pa Ka'ba kuchita adhana, kuitanira anthu ku swala, anali Bilal, yemwe uja wa chimwala pachifuwa.

Aphiri wa ku Joni: Nanga tikudziwa bwanji kuti zonsezi zinachitikadi? Panalibe wa kamera.

Bambo Kachingwe: Funso la nzeru. Mbiri yaitali yoyamba analemba Ibn Ishaq, amene anamwalira cha m'ma 767, zaka zoposa 130 Mtumiki atamwalira, ndipo timaiwerenga makamaka kudzera mwa Ibn Hisham amene anaikonzanso. Choncho tinthu ting'onoting'ono, manambala a asilikali, mawu enieni amene wakuti ananena, akatswiri amatsutsana. Asilamu eniake anayambitsa luso lofufuza kuti wakuti anamva kwa yani, ndi lomwe Halima wagwiritsa ntchito pa nkhunda paja. Koma mafupa a nkhaniyi ndi olimba. Wolemba wina wa Chikhristu wa chinenero cha Chisiriya, cha m'ma 640, anatchula kale "Aluya a Muhammad" pa nkhondo ya mu 634 pafupi ndi Gaza. Ndipo mu 2015 ku yunivesite ya Birmingham anayeza masamba akale a Qur'an n'kupeza kuti chikopa chake ndi cha pakati pa 568 ndi 645.

Che Amidu: Ndiye poti mwezi wa Rabi'ul Awwal ukubwera, mayi Nachisale mudzabwere naye Shakira ku ziyala, adzaone mmene timakumbukira kubadwa kwa Mtumiki. Mbendera, kaswida, mpunga wa nyama.

Halima M.: Che Amidu, mwaulemu, nkhani yonse tayikambayi ikuonetsa kuti maswahaba sanawerengere n'komwe kuchokera pa kubadwa. Ngakhale tsikulo mabuku sagwirizana, ena 12, ena 9. Chodziwika ndi choti linali Lolemba, ndipo iye ankasala Lolemba. Ziyala anachita ndi swahaba uti?

Che Amidu: Nanga foni imene mukulalikirapoyo anagwira ndi swahaba uti? Ife ziyala tinaipeza, ndi imene inasunga Chisilamu m'midzi muno nthawi imene kunalibe mabuku anuwo. Agogo anga sankadziwa kuwerenga koma mbiri ya Mtumiki ankaiimba yonse pamtima.

Halima M.: Foni si ibada, si kupembedza, Che Amidu.

Yusufu (admin): Basi basi. Ya ziyala ndi sukutu tinakangana chaka chatha mpaka anthu atatu anatuluka pagulu. Lero ayi. A Ustazi malizani, nthawi yatha, ena tili ndi Fajr, swala ya m'bandakucha.

Ustazi Twaibu: Chotsala n'chochepa. Mu 632 Mtumiki anachita Hajj yotsanzika, pa Arafat anauza anthu kuti magazi ndi chuma cha mnzako n'zopatulika, katapira wathetsedwa kuyambira ndi wa banja lake lomwe, ndipo akazi muwasamale. Patatha miyezi itatu anadwala malungo aakulu, anamwalira mu June 632 m'chipinda cha mkazi wake Aisha, ndipo anaikidwa momwemo. Umar anakana kuti wamwalira, mpaka kuopseza anthu. Abu Bakr anaimirira n'kunena kuti amene ankapembedza Muhammad adziwe kuti Muhammad wamwalira, koma amene amapembedza Allah, Allah ndi wamoyo, safa. Anali ndi zaka 63.

Nachisale: Zikomo nonse, ndasunga mauthenga onse. Mwana wagona, ndimuwerengera mawa.

Nachisale: Mwadzuka bwanji. Ndamuwerengera akumwa phala. Ya chiswe waseka, ya Bilal walira. Koma pa 63 paja wandiimitsa, akuti 632 kuchotsa 570 ndi 62. Ndisanatsegule pakamwa wadziyankha yekha, akuti "aa, ndi zaka za mwezi." Ndiye wapita kukhonde kumene agogo ake akusankha mpunga, wawafunsa zaka zawo, akuti 66. Wawerengera pansi ndi kamtengo n'kuwauza kuti pa kalendala ya kumzikiti ali ndi 68. Apongozi akwiya, akuti mwana ameneyu madrasa akumuphunzitsa mwano.

Aphiri wa ku Joni: Muwauze agogo kuti penshoni amawerengera ya dzuwa, asadandaule.

Ustazi Twaibu: Alamu, masanawa abwere ndi pensulo yakeyo. Pali samu ya zaka imene inandivuta ine pa nkhondo ya ngalande, ena amati chaka chachinayi, ena chachisanu. Mwina atithandiza.